Dokotala Pamaso pa Mtolankhani

Munthu amene afuna kudziwa m'mene nkhani za matenda zimayendera pakati pa anthu a ku Daveyton, alawire mbandakucha mwezi wa Juni, pamene chisanu chayera mbuu pa madenga a malata ndipo utsi wa malasha udakali chiphimbire nyumba za ku Etwatwa, akaime nawo pa mzere wa pakiliniki. Kumeneko adzapeza amayi atafunda mabulangete mpaka m'makutu, makhadi a kusikelo atawakulunga m'mapepala a pulasitiki kuopa mame, ndi nkhalamba zimene zifuwa zawo zidatha ndi fumbi la m'migodi. Ndipo mlonda asanatsekule chipata, adzaona foni imodzi ikuyenda dzanja ndi dzanja, kuti aliyense adzimvere yekha mawu amene wina wajambula usiku, onena kuti katemera wakutiwakuti akupha ana, kapena kuti chipatala chakuti chayamba kubweza alendo opanda mapepala. Pofika nthawi imene asisitala ayamba kuitana maina, mbiriyo imakhala itamasuliridwa kale m'Chizulu, m'Chisutu, m'Chishangani ndi m'Chichewa, ndipo mayi mmodzi kapena awiri amakhala atachoka pamzerepo mwakachetechete, kubwerera kunyumba ali ndi mwana wotentha thupi kumsana.

Mudzi uno wa Daveyton adaukhazikitsa a khonsolo ya Benoni m'zaka za m'ma 1950, nautcha dzina la William Davey, amene adakhalapo meya wa tauniyo. Ndipo kufikira lero munthu wa kuno akadwala kwakayakaya, ulendo wake umakhala wa ku Far East Rand ku Springs kapena ku Tambo Memorial ku Boksburg. Pakati pa anthu ake tilimo ife a ku Malawi, ena adzukulu a matchona amene adabwera ndi Wenela, ena obwera dzana lomweli pa basi yodzera ku Mwanza ndi ku Beitbridge. Tonsefe moyo wathu umadalira pa zimene timamva za zipatalazo tisanafikeko. N'chifukwa chake funso lakuti madokotala ndi mabungwe awo azichita motani ndi atolankhani, ngakhale poyamba limamveka ngati la anthu ophunzira okhaokha okambirana m'maofesi a ku Pretoria, mwini wake weniweni ndi mayi uja wachoka pamzere. Pakuti odziwa akatseka pakamwa, osadziwa satseka pawo, ndipo khutu la munthu wamantha limalandira mawu a yense amene wayamba kulankhula.

Zimene dokotala amadziwa chifukwa cha ntchito yake zili m'magulu awiri, ndipo tsoka limagwa pamene magulu awiriwa asokonezeka. Gulu loyamba ndi za thupi la wodwala: dzina lake, nthenda yake, zimene waulula ali chivulire kuseri kwa nsalu yotchinga. Izi dokotala adangosungitsidwa, mwini wake ndi wodwalayo, ndipo palibe mtolankhani, nduna kapena mfumu imene ili ndi gawo pa izo. Gulu lachiwiri ndi za chipatala ndi za dziko: kuti mankhwala atha m'nkhokwe, kuti mipope yauma, kuti mliri wabuka, kuti akaidi akufika ndi mabala a zikwapu. Izinso si chuma cha dokotala, eni ake ndi anthu onse amene amakhoma msonkho ndi kugona pa mabedi amenewo, ndipo wozibisa akuwabera. Dokotala ali ngati nkhoswe ya ukwati, imene za kuchipinda imapita nazo kumanda, koma ikaona kuti m'nyumbamo munthu aphedwa, kukhala chete kwake kumasanduka kupha nawo. Chondimvetsa chisoni n'chakuti m'mbiri ya dziko lino zinthu zakhala zikuyenda mozondoka kawirikawiri: chinsinsi cha wodwala chimatayidwa pabwalo, pamene manyazi a akuluakulu amasungidwa ndi makiyi asanu ndi awiri.

Tiyambe ndi chinsinsi, ndipo sitipita kutali. Ku Brakpan, tauni yoyandikana nafe, m'mwezi wa Malichi 1990, mwamuna wina dzina lake Barry McGeary, pofuna kulembetsa inshuwalansi ya moyo, adapimitsa magazi, ndipo dokotala wake adamuuza kuti wapezeka ndi kachilombo ka HIV. Iye adapempha kuti nkhaniyo ithere pa awiriwo, dokotala navomera. Koma m'mawa mwake, ali ku masewera a gofu, dokotalayo adaululira anzake awiri, wina dokotala, wina wa mano, ndipo pasanapite nthawi mbiriyo idawanda m'tauni. Madzi akatayika saoleka. McGeary adakasuma, koma adamwalira mlandu usanathe, ndipo amene adatsala ndi chuma chake ndiwo adaupitiriza mpaka ku bwalo lalikulu la apilo ku Bloemfontein, limene mu 1993 lidagamula kuti dokotalayo adalakwa, nilimulamula kulipira R5,000. Ndalamayo inali yochepa, koma chiweruzocho chidakhala mwala wa pangodya. Pakuti ngati lamulo likuletsa sing'anga kuululira sing'anga mnzake popanda chifukwa chenicheni cha chithandizo, nanga kuuza munthu amene ntchito yake ndi kufalitsa kwa anthu zikwizikwi kungaloledwe bwanji? Lero lamulo la zaumoyo la 2003, m'ndime yake ya 14, likunena poyera kuti za wodwala zingatuluke pokhapokha mwini wake atavomera mochita kulemba, kapena bwalo la milandu ndi lamulo zitalamula, kapena ngati kubisako kungaike moyo wa anthu ambiri pangozi yaikulu.

Chitetezo chimenechi sichisankha nkhope, ndipo apa ndi pamene mitima yathu imayesedwa. M'mwezi wa Ogasiti 2007 nyuzipepala ya Sunday Times idasindikiza zotengedwa m'mafailo a kuchipatala a Dr Manto Tshabalala-Msimang, nduna ya zaumoyo ija imene inkatamanda adyo, mandimu ndi bitiruti pa nthawi imene anthu ankafa posowa ma ARV. Ambiri adakondwa, poti ankamuona ngati mdani wa odwala. Koma woweruza Mahomed Jajbhay, ngakhale adavomereza kuti nyuzipepala ili ndi ufulu wokamba za khalidwe la munthu wa udindo wotero, adalamula kuti mafailowo abwezedwe kuchipatala, chifukwa adachokako mosaloledwa. Ine ndikuona kuti adaweruza bwino. Tikalola kuti failo ya nduna yodedwa ibedwe lero, tatsekula chitseko chimene mawa adzatulutsirapo failo ya mlonda, ya wantchito wa m'nyumba, ya mwana wa sukulu. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Masiku ano mdani wamkulu wa chinsinsi ali m'thumba mwa aliyense. Pa 24 Disembala 2022, pamene thanki yonyamula gasi idakanirira pansi pa mlatho wa njanji pafupi ndi Tambo Memorial ndi kuphulika, n'kupha anthu 41, ena mwa iwo antchito a chipatalacho, zithunzi za anthu opserera akuyenda m'misewu zidafika m'mafoni a dziko lonse abale awo ambiri asanauzidwe kalikonse. Woimitsa anthu a mumsewu kujambula palibe. Koma m'kati mwa mpanda wa chipatala, namwino ndi dokotala ndiwo alonda a ulemu wa munthu amene sangathe kudziphimba yekha, ndipo bungwe la HPCSA, limene limalembetsa ndi kulanga madokotala, lidatulutsa malangizo mu 2019 okumbutsa kuti lamulo la chinsinsi limagwira ntchito pa Facebook ndi pa WhatsApp monga m'mene limagwirira m'chipinda chopimira.

Tsono titembenukire ku mbali inayo, imene ili yolemera koposa, ndipo tikhalepo pang'ono. Pa 12 Seputembala 1977 Steve Biko adafera m'chitokosi ku Pretoria, atamunyamula ali maliseche ndiponso ali chikomokere kumbuyo kwa Land Rover, ulendo wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Port Elizabeth. Asananyamuke adaonedwa ndi madokotala awiri a boma, Dr Ivor Lang ndi Dr Benjamin Tucker. Woyambayo adalemba kalata yakuti sadapeze chovuta chilichonse pa thupi lake, ngakhale munthuyo anali ndi bala pamlomo ndipo ankalankhula mosamveka. Wachiwiriyo adavomereza ulendowo, chikhalirecho zizindikiro zakuti ubongo wavulala zinali zitaoneka kale. Anthu awiriwa adafuna kutumikira wodwala ndi apolisi pa nthawi imodzi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Nduna ya zachilungamo, Jimmy Kruger, idauza dziko kuti Biko adafa atadzikaniza chakudya, ndipo bodzalo likadakhazikika m'mabuku kufikira lero, pakadapanda dokotala wina wopima mitembo, Dr Jonathan Gluckman, amene banja lidamupempha kuti akaimire pa kupimako. Iyeyu, ataona ndi maso ake zimene zidachitika m'mutu mwa malemuyo, adakatsina khutu mkonzi wa Rand Daily Mail, Allister Sparks, amene adatuma mtolankhani wachitsikana, Helen Zille, kukafunsa madokotala aja mmodzimmodzi. Ndipo m'mwezi wa Okutobala nyuzipepalayo idalengeza patsamba loyamba kuti panalibe chizindikiro cha njala, koma kuvulala kwa ubongo.

Nanga mabungwe a madokotala adatani? Apa ndi pamene pali phunziro lowawa kwa bungwe lililonse la akatswiri, la kuno kapena la kwathu. Khonsolo yolanga madokotala ya nthawi imeneyo, itasunga nkhaniyo zaka zoposa ziwiri, idanena mu 1980 kuti sidapeze chifukwa choimbira mlandu madokotala awiriwo. Ndipo bungwe la MASA, limene linali mayi wa madokotala ambiri m'dziko muno, lidaima kumbuyo kwa chigamulocho, poganiza kuti potero likuteteza dzina la ntchito yawo ku phokoso la manyuzipepala. Zotsatira zake zidali zosiyana ndi chiyembekezo chawo. Madokotala ena adatuluka m'bungwelo, mu 1982 kudabadwa bungwe lina lotchedwa NAMDA, ndipo kagulu ka anthu olimba mtima, mwa iwo Prof Frances Ames, Prof Phillip Tobias, Prof Trefor Jenkins ndi Dr Yosuf Veriava, kadatengera khonsoloyo ku bwalo la milandu, limene mu Januwale 1985 lidailamula kuti ifufuze. Chaka chomwecho Tucker adafafanizidwa m'kaundula wa madokotala, Lang nadzudzulidwa. Zidatenga zaka zisanu ndi zitatu kuti akatswiri avomereze zimene nyuzipepala idanena pasanathe mwezi umodzi, ndipo MASA idadzapepesa mu 1995, isanalowe m'bungwe latsopano la SAMA limene lidakhazikitsidwa mu 1998. Dzina limene ankaliteteza ku atolankhani lidadetsedwa ndi kukhala chete kwawo komwe.

Gluckman yemweyo adationetsanso dongosolo loyenera kutsata. Atakalamba, ataona mitembo ya anthu ofera m'manja mwa apolisi ikungochuluka pa tebulo lake, adayamba walembera akuluakulu a boma, mpaka Pulezidenti F. W. de Klerk, ndipo pokhapo ataona kuti makalata ake sakubala chipatso, mu Julayi 1992 adaitana atolankhani a Sunday Times, nawauza kuti mwa mitembo pafupifupi 200 imene adapima, yochuluka kwambiri inali ya anthu ophedwa ndi apolisi. Galu wamkota sakandira pachabe. Dongosolo limeneli, loyamba m'nyumba kenaka n'kutuluka pabwalo, ndi limenenso lamulo loteteza oulula zoipa pantchito, la chaka cha 2000, limalimbikitsa. Ndipo dokotala wanzeru amasunga makope a makalata ake onse, ndi masiku amene adawatumiza, kuti tsiku lodzamufunsa chifukwa chimene adathamangira ku nyuzipepala, adzaonetse zitseko zonse zimene adagogoda osayankhidwa.

Wina angaganize kuti zonsezi zidapita ndi tsankho la azungu. Ayi ndithu. Mu Meyi 2022 Dr Tim De Maayer, dokotala wa ana pa chipatala cha Rahima Moosa ku Johannesburg, adalemba kalata yapoyera mu Daily Maverick, kufotokoza m'mene ana akufera chifukwa cha kuzima kwa magetsi, kuuma kwa mipope ndi kuwonongeka kwa makina opimira. Sadatchule dzina la mwana ngakhale mmodzi, ndipo akulu a chipatala anali atadziwitsidwa kale za mavutowo. Mphotho yake idali kalata yomuimitsa ntchito m'mwezi wa Juni. Koma ulendo uno madokotala anzake, bungwe la SAMA ndi anthu wamba adafuula pamodzi, ndipo posakhalitsa adabwezeredwa pantchito. Mu Malichi 2023 mkulu wolandira madandaulo a zaumoyo, Prof Malegapuru Makgoba, adatulutsa lipoti lotsimikiza kuti chipatalacho chinali chauve ndi chosatetezeka. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma maofesi a boma amachedwa kuzindikira zimenezi, ndipo amabisala kuseri kwa malamulo a ntchito amene amaletsa wantchito kutulutsa nkhani za ofesi popanda chilolezo. Malamulo amenewo ali ndi malo ake, pakuti chipatala sichingayende ngati aliyense akulengeza zake. Koma sadaikidwe kuti akhale nsalu yophimbira imfa za ana.

Mu Ekurhuleni mwathu muno, chipatala cha Tembisa chatiphunzitsa mtengo wa kukhala chete. Mu Juni 2020 wodwala wina, Shonisani Lethole, adachita kulembera nduna ya zaumoyo pa Twitter, ali pabedi, kuti watha masiku awiri osalandira chakudya; adamwalira patapita masiku owerengeka, ndipo kafukufuku adapeza kuti nthawi yonse imene adakhala osapatsidwa chakudya idapitirira maola 100. Chaka chotsatira, pa 23 Ogasiti 2021, Babita Deokaran, mkulu wowerengera ndalama mu dipatimenti ya zaumoyo ya Gauteng, adaomberedwa pakhomo pake atangobwera kotula mwana wake kusukulu, patangopita masabata ochepa chichenjezereni za malipiro okayikitsa a R850 miliyoni pa chipatala chomwecho. Amene adatola ntchito yake pamene idagwera ndi mtolankhani, Jeff Wicks wa News24, amene adasanthula makalata zikwizikwi; ndipo mu 2025 bungwe lofufuza la SIU lidalengeza kuti ndalama zobedwa zidaposa R2 biliyoni. Tikaona kuti amene adalankhula anali wodwala wanjala ndi mayi wowerengera ndalama, tiyenera kufunsa mosaopa kuti mawu a madokotala, amene tsiku ndi tsiku amaona mashelefu opanda kanthu, anali kuti. Sindikuweruza munthu mmodzi aliyense, pakuti mfuti zimene zidapha Deokaran n'zoopsa kwa yense amene ali ndi ana. Ndikuweruza mabungwe, chifukwa ntchito ya bungwe ndiyo kunena ndi pakamwa pa anthu zikwi zimene munthu mmodzi sangazinene ali yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Pali chinthu china chimene ife a ku Malawi tiyenera kuchimvetsa koposa anzathu, chifukwa tidachilawa: chiwerengero chotuluka m'kamwa mwa dokotala chimatha kusanduka chikwapu m'manja mwa ena. M'zaka za m'ma 1980, eni migodi atayamba kupima magazi a antchito awo, mbiri idafala yakuti Amalawi ndiwo akubweretsa Edzi ku Joni. Wolemba mbiri wa kwathu, Prof Wiseman Chirwa, adasonyeza kuti pakati pa 1988 ndi 1992 amuna pafupifupi 13,000 adabwezedwa ku Malawi, pa chifukwa chakuti pafupifupi 200 mwa iwo adapezeka ndi kachilomboka; boma la Malawi litakana kupima anthu ake asananyamuke, ulendo wa Theba, wopita ku migodi, udathera pomwepo. Midzi ya ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mzimba idataya ndalama za malata ndi za fizi, koma mliriwo sudaime pa malire, ndipo patangopita zaka zochepa South Africa idakhala dziko la anthu ambiri okhala ndi HIV kuposa lina lililonse pansi pano. Chiwerengerocho mwina chinali choona, koma chidaperekedwa chopanda chofunda, popanda wofotokoza kuti kachilombo sikadziwa pasipoti.

Mzimu womwewo tidauonanso mu Ogasiti 2022, pamene kanema adazungulira dziko, woonetsa Dr Phophi Ramathuba, amene pa nthawiyo anali mkulu wa zaumoyo m'chigawo cha Limpopo, ataima pambali pa bedi la mayi wa ku Zimbabwe m'chipatala cha ku Bela-Bela, akumudzudzula kuti anthu a kwawo akupha zipatala za dziko lino, ena omuperekeza akuseka. Funso lakuti ndani alipire chithandizo cha alendo ndi funso lenileni, loyenera kukambidwa pakati pa maboma ndi m'nyumba ya malamulo. Koma pambali pa bedi la munthu wodikira opaleshoni, kamera ili chiyang'anire, si malo ake, ndipo dokotala amene wachita zotero waphwanya mbali zonse ziwiri pa kamodzi: waika wodwala pabwalo, ndipo wapatsa anthu theka la choonadi. Mwezi womwewo a gulu lodana ndi alendo la Operation Dudula adaima pa chipata cha chipatala cha Kalafong ku Atteridgeville n'kumabweza anthu poyang'ana khungu ndi kumvetsera kalankhulidwe. Theka linalo, limene mabungwe a madokotala ayenera kulibwereza pa wailesi kufikira litalowa m'makutu, ndi ili: kalembera wa 2022 adapeza obadwira kunja okwana pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, Amalawi mwa iwo pafupifupi 200,000. Ndime ya 27 ya malamulo aakulu a dziko imaletsa kumana munthu aliyense chithandizo cha mwadzidzidzi. Ndipo mu Epulo 2023 bwalo lalikulu la ku Johannesburg lidagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe mwaulere m'zipatala za boma, kaya adachokera dziko liti.

Kulankhula kokha sikukwanira, pakufunikanso luso lake, ndipo luso limeneli limayamba ndi kudziwa m'mene mtolankhani amagwirira ntchito. Iye ali ndi ola limene nkhani iyenera kufika kwa mkonzi, ndipo dokotala amene wayankha mawa wayankha nkhani itatuluka kale. Mutu wa nkhani salemba ndi iye, amalemba wina amene sadakumane ndi dokotalayo. Ndipo pa mawu a mphindi makumi awiri, wailesi idzatengapo chiganizo chimodzi. Choncho wanzeru amasankhiratu chiganizo chimenecho, nachinena m'mawu a kumsika. Pa 4 Malichi 2018, Dr Aaron Motsoaledi, nduna ya zaumoyo pa nthawiyo, potsatira kafukufuku wa bungwe loona za matenda opatsirana la NICD, adalengeza kuti mliri wa listeriosis, umene udapha anthu oposa 200, ambiri mwa iwo makanda, udachokera mu polony wa fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Adatchula chakudyacho ndi dzina, nauza anthu kuti achichotse m'mafiriji ndi kutsuka mipeni ndi mashelefu ndi mankhwala oyeretsera. Madzulo a tsiku lotsatira mayi wogulitsa kota pa ngodya ya msewu ku Daveyton ankadziwa chochita, ndipo mliriwo udazilala. Uthenga wotere uyenera kupita kumene anthu ali, pa Ukhozi FM, pa Lesedi FM, pa Munghana Lonene FM, ndi m'magulu a mipingo ndi a maliro m'mene ife alendo timauzirana nkhani m'chinenero chathu. Pakuti chikalata cha Chingerezi choikidwa pa intaneti sichifika pa mzere wa pakiliniki.

Luso lina, lovuta kwa munthu wozolowera kufunsidwa nzeru, ndilo kunena poyera pamene pathera kudziwa kwake. Mu Novembala 2021 akatswiri a kuno ndi a ku Botswana atalengeza za mtundu watsopano wa Covid-19 umene udatchedwa Omicron, maiko a kunja adatseka malire awo kwa ife tonse a chigawo chino, Malawi yemwe, kufikira Pulezidenti Lazarus Chakwera adadandaula kuti ziletsozo zidachokera ku mantha oopa Aafirika, osati ku sayansi. Ngakhale zidatero, akatswiriwo adachita bwino kulengeza, chifukwa dziko lobisa mliri limadzapha ake omwe. Dr Angelique Coetzee, amene anali wapampando wa SAMA, adauza atolankhani kuti odwala amene iye adawaona ku Pretoria sankadwala kwambiri, nachenjezanso kuti za okalamba ndi osabayitsa katemera zinali zisanadziwike. Koma manyuzipepala ambiri adanyamula mbali yoyamba yokha. Apa mpamene bungwe liyenera kubwereranso tsiku lotsatira, ndi linzake, kuwongola chimene chapindika, mopanda kutopa ndi mopanda kunyoza. Ndipo pamene wonyenga wagula masamba a nyuzipepala kuti asokeretse odwala, kuwongola ndi mawu kumachepa: SAMA idachita chinthu chaulemu pamene idagwirizana ndi Treatment Action Campaign kukasumira Matthias Rath, amene ankalengeza kuti mavitamini ake angalowe m'malo mwa ma ARV, ndipo mu Juni 2008 bwalo la ku Cape Town lidamuletsa. Amene akumbukira miyandamiyanda ya anthu imene idakhamukira ku Machinga mu 1995 kukamwa mchape wa Billy Chisupe, patapita zaka khumi za kunena za Edzi monong'ona, adziwa kuti njala ya uthenga woona imadyetsa anthu chilichonse.

Pempho langa kwa a SAMA, kwa mabungwe a anamwino, ndi kwa a Society of Medical Doctors kwathu ku Malawi, n'lakuti asadikire mtolankhani kuwapeza tsiku la maliro kapena la sitalaka ya malipiro. Akhale ndi anthu odziwika, oyankha foni, olankhula zinenero za m'malokeshoni. Aphunzitse madokotala achinyamata kusiyanitsa chinsinsi cha wodwala ndi manyazi a ofesi. Aulule poyera ngati kampani ya mankhwala yawalipirira ulendo kapena kafukufuku. Ndipo membala wawo akaimitsidwa ntchito chifukwa chonena zoona atagogoda zitseko zonse, loya wa bungwe afike pakhomo pake tsiku lomwelo, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ndipo inu owerenga, makamaka abale anga amene mumaopa kutsekula pakamwa chifukwa mapepala anu sali bwino, dziwani kuti munthu aliyense wofuna kukujambulani muli pabedi la chipatala, kaya ndi mtolankhani, kaya ndi namwino, kaya ndi nduna, ayenera kuyamba wapempha, ndipo mukakana palibe amene ali ndi mphamvu yokumanani mankhwala chifukwa cha kukanako. Dokotala akaulula nthenda yanu, kadandauleni ku HPCSA. Chipatala chikakuzunzani, ofesi ya Health Ombud, yolandira madandaulo a zaumoyo, ilipo. Nyuzipepala ikasindikiza za magazi anu popanda chilolezo chanu, lemberani a Press Council pasanathe masiku 20 ogwira ntchito chitulukireni nkhaniyo. Konseko madandaulo amalandiridwa popanda kulipira kanthu.